Ndikungofukula misomali ndi zitsekero za mabotolo: luso lofufuza zitsulo pansi ndiliphunzire kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zolemba zanga, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiwayankhire pano chifukwa funso lawo limabwera kawirikawiri. Iwo analemba kuti: "Ndinagula makina ofufuzira zitsulo zokwiririka pansi miyezi itatu yapitayo. Mavidiyo ndaonera ambirimbiri, koma ndikapita kukafufuza ndimangofukula misomali ndi zitsekero za mabotolo. Kodi luso limeneli ndingaliphunzire kuti, nanga kulowa m'gulu la anthu ochita zimenezi kuli ndi phindu lanji kwa ine amene ndimakonda kuyenda ndekha?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Choyamba mtima ukhale m'malo, chifukwa misomali ya miyezi itatu sikutanthauza kuti makina anu ndi achabechabe kapena kuti inuyo mulibe luso. Makinawa saona golide kapena siliva monga mmene otsatsa malonda amafunira kuti tiziganizira. Mbale yozungulira ya kumapeto kwa ndodo, imene amaitcha koyilo, imatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka, ndipo chitsulo chilichonse chimene mphamvuyo yakumana nacho chimabweza kachizindikiro kamene makinawo amakasandutsa kulira ndi nambala. Nambala imene imaoneka pagalasi ndi kungoyerekeza chabe, kochokera pa mmene chinthucho chimadutsitsira magetsi, kukula kwake ndi mmene chagonera. N'chifukwa chake mphete yagolide ndi kotsegulira chitini ka aluminiyamu nthawi zambiri zimapereka manambala oyandikana kwambiri, moti munthu amene watchera makina ake kuti asamalire pa aluminiyamu amadumphanso mphete osadziwa. Vuto limeneli ndi lakalekale. Mu 1881, Alexander Graham Bell anapanga chida choti apezere chipolopolo m'thupi la Pulezidenti James Garfield wa ku America amene anali atawomberedwa, koma chimodzi mwa zinthu zimene zinasokoneza chidacho chinali mawaya a bedi limene wodwalayo anagonapo. Chida chimanena kuti pali chitsulo; kudziwa kuti ndi chitsulo chanji ndi ntchito ya khutu la munthu, ndipo khutu limaphunzira pang'onopang'ono.

Mphunzitsi wanu woyamba ndi kabuku ka malangizo kamene kanabwera ndi makinawo, kamene ambiri timakaponya m'katoni tsiku lomwelo. Kawerengeni kawiri, ulendo wachiwiri makina ali m'manja. Mphunzitsi wachiwiri, amene ine ndimamuika patsogolo pa vidiyo iliyonse, ndi kamunda koyeserapo kamene mungakonze nokha pamalo anu. Sankhani kachigawo kopanda zitsulo, kenako kwirirani ndalama zachitsulo zitatu, ina pa masentimita 10, ina pa 15, ina pa 20. Chapatali pang'ono kwirirani ndalama ina choimika m'malo moigoneka, kwinanso muike msomali wadzimbiri pambali penipeni pa ndalama, ndipo musaiwale chitsekero cha botolo ndi kachidutswa ka aluminiyamu. Jambulani papepala pamene pali chilichonse, ndipo zikhomo zozindikiritsa zikhale zamtengo, osati zachitsulo. Mukamadutsitsa koyilo pamwamba pake mudzamva nokha kuti ndalama yoimirira imalira mofooka kuposa yogona ngakhale zili pa kuya kofanana, komanso kuti msomali umatha kuphimba ndalama imene ili pambali pake mpaka mutaudzera mbali ina. Pamalo pomwepo mudzaphunzira kuyendetsa koyilo pafupi ndi nthaka, mosaitukula kumapeto kwa dzanja, ndiponso moti mzere uliwonse ulowe pang'ono mu mzere wapitawo. Zinthu zimenezi zimamveka zazing'ono, koma ndi zimene zimasiyanitsa munthu wofufuza ndi munthu wongoyenda atanyamula makina.

Kunja mukapita, kwa miyezi ingapo yoyambirira kumbani chilichonse chimene chalira momveka bwino, ndipo muzikhala ndi kope m'thumba. Musanakumbe lembani nambala, mtundu wa kulira ndi chimene mukuganiza kuti chili pansipo, kenako mulembe chimene chatulukadi. Pakatha masamba makumi angapo mudzaona kuti kuganiza kwanu kwayamba kugwirizana ndi zotuluka m'dzenje, ndipo zitsekero zija zidzakhala zitagwira ntchito yake.

Za mavidiyo a pa YouTube ndilankhule mosabisa. Amathandiza pamene mukufuna kuona mmene mtundu wa makina anu amatcherera, kapena mmene amadulira kapinga mozungulira n'kumubwezera osasiya chipsera. Koma vidiyo ya mphindi 15 nthawi zambiri imakhala tsiku lathunthu limene achotsamo maola onse a misomali, ndipo ena mwa ojambulawo amalandira makina kuchokera kwa makampani amene akuwayamikirawo. Vuto lalikulu koposa ndi nthaka. Dothi lokhala ndi mchere wa chitsulo wambiri, kapena mchenga wonyowa ndi madzi amchere m'mbali mwa nyanja zikuluzikulu, zimachititsa makina kulira popanda chifukwa, ndipo munthu ayenera kuwagwirizanitsa ndi nthaka imene waimapo, kumene akatswiri amakutcha ground balance. Manambala amene amathandiza munthu wojambula vidiyo m'munda wa dothi lofewa akhoza kukusokeretsani m'dothi lanu, ndiye muziwatenga ngati poyambira chabe.

Pofuna kuzindikira chimene mwatola, pa intaneti pali nkhokwe imodzi imene ndimaikhulupirira kwambiri. Ndi ya ndondomeko yotchedwa Portable Antiquities Scheme, imene inayamba mu 1997 ku England ndi Wales ndipo imayendetsedwa ndi British Museum, nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ya ku London, pamodzi ndi anzawo a ku Wales. Muli zinthu zoposa 1 miliyoni zimene anthu wamba anapeza, zambiri mwa izo ndi makina ngati anuwo, ndipo zinalembedwa ndi kukula kwake, kulemera kwake ndi zaka zake, zambiri zili ndi zithunzi. Aliyense angathe kuiwerenga mwaulere. Ngakhale zinthu za m'dziko lanu zitakhala zosiyana ndi zimenezo, nkhokweyi imaphunzitsa kafotokozedwe ka chinthu, komwe ndi luso lapadera.

Tsopano ndifike pa funso lanu lachiwiri, limene kwa ine ndi lofunika kuposa loyamba. Phindu loyamba la gulu ndi khutu la mnzanu. Mukamva chizindikiro chokayikitsa, mumaitana munthu amene wachita zimenezi zaka zambiri kuti adutsitsepo makina ake musanakumbe, iye n'kukuuzani kuti, "Tamverani mmene kukudukira kumapetoko, chimenecho ndi chitsulo chadzimbiri," ndipo mukakumba mumapezadi chidutswa cha khasu. Phunziro la mphindi ziwiri limenelo simungalipeze m'buku. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndithu. Chaka changa choyamba ndinatola kandalama kamkuwa kobiriwira, ndipo chifukwa chofunitsitsa kuona chaka chake ndinakakwecha ndi burashi yawaya usiku womwewo. Zilembo zinali mu khungu lobiriwiralo, moti m'mawa ndinatsala ndi kachitsulo kosalala kopanda nkhope kapena chaka. Nditakaonetsa kwa mkulu wina wa m'gulu limene ndinalowa pambuyo pake, anangokatembenuza kawiri n'kundibwezera osalankhula kanthu.

Phindu lachiwiri ndi chilolezo ndi malamulo. Malo aliwonse ali ndi mwini wake, kaya ndi munthu, mudzi, kampani kapena boma, ndipo kufufuza popanda chilolezo ndi kulowerera malo a eni. Magulu okhazikika amadziwa kupempha, amakhala ndi chitsanzo cha pangano lolembedwa lonena mmene zopezeka zidzagawidwire, ndipo ena amaperekanso inshulansi. National Council for Metal Detecting ya ku Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1981, imachita zimenezi kwa mamembala ake, ndipo ku America kunakhazikitsidwa Federation of Metal Detector and Archaeological Clubs kuti igwirizanitse makalabu. Chimene oyamba kumene ambiri sadziwa n'chakuti chilolezo cha mwini malo sichikwanira paliponse, chifukwa malamulo amasiyana kwambiri dziko ndi dziko. Ku England ndi Wales, lamulo la Treasure Act la 1996 limalamula kuti zinthu monga zagolide ndi zasiliva zopitirira zaka 300 zinenedwe kwa mkulu wotchedwa coroner pasanathe masiku 14. Ku Ireland nkosaloledwa kufufuza zinthu zakale ndi makina popanda chilolezo cholembedwa cha boma. Dziko la Netherlands linaloleza mchitidwewu mu 2016, koma kukumba kwake kusapitirire masentimita 30 ndipo zopezeka zinenedwe. Ku Denmark zinthu zakale zamtengo wapatali ndi za boma, ndipo wopeza amalandira mphotho kudzera ku nyumba yaikulu yosungiramo zakale ya dzikolo. Ku America lamulo la 1979 loteteza malo a zinthu zakale limalanga kwambiri wokumba pa malo a boma popanda chilolezo. Simunandiuze dziko limene mukukhala, choncho musatengere zimene mwaona muvidiyo ya kudziko lina. Funsani ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale kapena ku myuziyamu, ndipo yankho lawo mulisunge lolembedwa.

Phindu lachitatu limaoneka tsiku limodzi lokha, mwina pa moyo wonse, pamene makina alira pa chinthu chachikulu ndipo manja ayamba kunjenjemera. Mu Novembala 1992, Eric Lawes ankafunafuna hamala imene mnzake anataya m'munda ku Hoxne, m'chigawo cha Suffolk ku England, ndipo anakumana ndi masupuni asiliva ndi ndalama za nthawi ya Aroma. Anasiya kukumba n'kudziwitsa akuluakulu, ndipo tsiku lotsatira akatswiri ofukula zakale anatulutsa zonse mwadongosolo, ndalama zachitsulo zoposa 14,000 pamodzi ndi zokongoletsera zagolide. Chifukwa chakuti zambiri zinali zisanasunthidwe, anatha kudziwa kuti zinali m'bokosi lamatabwa ndiponso mmene zinalongedwera. Chumacho anachiwerengera mtengo wa mapaundi 1.75 miliyoni, ndipo hamala ija inapezekanso, pano ili ku British Museum. Yerekezerani ndi amuna awiri amene mu 2015 anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking, ankhondo akale a kumpoto kwa Ulaya, pafupi ndi Leominster ku England n'kuchibisa kuti agulitse mwamseri: anaweruzidwa kukakhala kundende mu 2019, ndipo zambiri mwa ndalamazo sizinapezekebe. Chinthu chakale chikachotsedwa popanda kulemba pamene chinali, theka la nkhani yake limatsala m'dzenje. Zimenezi zinaoneka bwino pa bwalo la nkhondo ya mu 1876 ku Little Bighorn, m'chigawo cha Montana ku America, pamene moto utatentha udzu mu 1983, akatswiri anaitana anthu odziwa makinawa kuti awathandize chaka chotsatira. Chikhungwa cha chipolopolo chilichonse chinalembedwa pa mapu pamalo pake penipeni, ndipo mapuwo anasonyeza mmene omenyanawo anayendera. Gulu labwino limakupatsani nambala ya munthu woti mumuimbire tsiku lotero, ndipo limakuzolowezani kulemba malo a chinthu chilichonse ndi GPS ya pafoni kuyambira pa zinthu zazing'ono.

Magulu a pa Facebook ndi ena otero alipo ambiri, ndipo ngati kwanu kulibe kalabu ndi amene angakhale anzanu oyamba. Pofunsa dzina la chinthu, jambulani mbali zonse ziwiri pa kuwala kwa masana, muike rula pambali, mutchule kulemera kwake ngati muli ndi sikelo, ndipo musachitsuke kupitirira kuchotsa dothi lofewa. Malo enieni musawalengeze pagulu, chifukwa pali anthu amene amatsatira zithunzi zotere n'kukafukula usiku m'munda wa munthu amene anakukhulupirirani. Gulu mungalidziwe ndi mafunso amene limafunsa: kumene aliyense amangoti "chingagulitsidwe zingati" sindikhalitsako, koma kumene wina amafunsa ngati mwakachinena kwa oyenera ndimakhala. Chenjezo limodzi ndisalisiye, nalo ndi la zida zankhondo. M'mayiko amene munachitika nkhondo, mabomba ndi zipolopolo zosaphulika zikadali m'nthaka, ndipo dzimbiri silizichotsera ukali. Mukaona chinthu chooneka ngati chimenecho musachigwire kapena kuchimenya ndi fosholo. Ikani chizindikiro chapatali, chokanipo, ndipo mudziwitse apolisi.

Mwanena kuti mumakonda kuyenda nokha, ndipo ambiri mwa ife ndife otero, chifukwa mahedifoni akakhala kumutu munthu amakhala yekha ngakhale m'munda muli anthu khumi. Kulowa m'gulu sikukulandani zimenezo. Ine ndimakumana ndi anzanga mwina kamodzi pamwezi, ndipo masiku ena onse ndimayenda ndekha. Ngati kwanu kulibe kalabu, pitani ku myuziyamu yapafupi kapena ku nthambi ya yunivesite yophunzitsa zofukula zakale mutanyamula kope lanu lija ndi kathumba ka zimene mwatola, zitsekero zomwe, ndipo mufunse ngati ali ndi ntchito imene amafuna anthu ongodzipereka. Mukakonza kamunda koyeserapo kaja, mundilembere mundiuze nambala imene makina anu apereka pa ndalama yoimika ija ndi imene apereka pa ndalama yogonekedwa pambali pa msomali, kuti tidzayambire pamenepo.