Mwana wanga wadya switi osandidikira

FUNSO: Ndinawerenga pa Facebook kuti akatswiri a ku America anapeza kuti mwana wotha kudikira switi amadzakhoza kusukulu. Ndinamuyesa wanga wa zaka 4. Ndinaika switi pambale n'kumuuza kuti akandidikira ndimuwonjezera ina. Ndisanafike n'komwe pakhomo anali atameza kale. Kodi mwanayu adzaphula kanthu? Mayi wa ku Chilomoni.

YANKHO: Mayi, khazikani mtima pansi. Kafukufuku mukunenayo ndi wa Walter Mischel, yemwe anauyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pasukulu yamkaka ya yunivesite ya Stanford. Ambiri mwa anawo anali a aphunzitsi ndi ophunzira a payunivesitepo. Mwana ankasiyidwa yekhayekha m'chipinda, iye ndi switi basi. Nanga kwanuko mwana amadya motero?

Ine chimene ndingakufunseni n'chakuti: mukamuuza kuti "ndikugulira pobwera", mumaguladi? Ndikufunsa chifukwa cha zimene Celeste Kidd ndi anzake a ku yunivesite ya Rochester anasindikiza mu 2013. Iwo anayesa ana 28, koma asanatulutse switi anayamba awalonjeza zojambulira zabwino. Theka anawabweretseradi, theka linalo anangowapepesa kuti palibe. Opepesedwawo anadikira switi pafupifupi mphindi 3 zokha, anzawo mphindi 12. Mwana wodya msanga mwina wangoona kuti za akuluakulu sizidziwika, bola chili m'manjachi.

Kumene mwana wakulira nakonso n'kofunika. Mu 2017 Bettina Lamm ndi anzake anayerekeza ana a zaka 4 a ku Germany ndi ana a alimi a mtundu wa Nso ku Cameroon. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti ana a ku Cameroon anawaikira chakudya chakwawo, puff-puff, chofanana ndi mandasi athuwa. Pa ana 100 aliwonse, pafupifupi 70 a ku Cameroon anadikira mphindi 10, pomwe a ku Germany sanakwane n'komwe 30.

Ndiye ngati mukufuna kumudziwa mwana wanu, muoneni nsima ikabwera. Kodi amadikira kusamba m'manja? Akamasewera ndi anzake, amalola mnzake kuyamba? Muoneni masiku angapo, akhuta ndiponso ali ndi njala. Ndipo mlungu uno mumulonjeze kanthu kakang'ono, kaya nthochi imodzi, mubwere nayo ndithu.