Musanatsegule DAC yanuyo, tamvani kaye

Kalata imene yafika sabata ino yandikhudza kwambiri. Owerenga wina akuti ali ndi DAC (chipangizo chosandutsa manambala a nyimbo za digito kukhala mawu) yabwinobwino, koma amva kuti akasintha ma op-amp (timatchipi tokulitsa mawu), makapasita (tizipangizo tosunga magetsi) ndi clock (kachipangizo kosunga nthawi) iyamba kulira ngati zija zodula, ndiye akufunsa kuti ayambire pati. Achimwene, funso lanu ndalimva, koma mundilole ndizungulire kaye, chifukwa nkhaniyi ndakhala nayo pamtima kwa zaka zambiri.

Ine chikondi cha zinthuzi chinandilowa kudzera mu CD player yakale imene mnzanga wina ankafuna kutaya. Mkati mwake munali TDA1541A, tchipi ya Philips ya m'zaka za m'ma 1980, imene mpaka lero anthu amaisakasaka. Makinawo ankalira ndithu, koma mabesi anali ofooka, ndipo nyimbo ikatha pankatsala kaphokoso ka "mmmm" pansipansi. Nditatsegula ndinapeza makapasita angapo a mbali ya magetsi atatupa pamwamba, wina atachucha mpaka kusiya banga louma pabolodi. Makapasita a electrolytic amakhala ndi timadzi mkati, ndipo kutentha kumatiumitsa pang'onopang'ono. Ambiri amawapangira maola 2,000 pa madigiri 85 kapena 105, ndipo moyo wawo umawirikiza kawiri kutentha kukatsika ndi madigiri 10. Ndiye taganizirani ali pafupi ndi regulator (kachipangizo kokhazikitsa mavoti) yotentha kwa zaka zoposa 30. Ndinaikamo atsopano, wamba, a mlingo womwewo, kaphokoso kaja kanatheratu, mabesi n'kubwerera. Usiku umenewo ndinamvetsera nyimbo mpaka tulo kundithawa. Koma zimene ndinachitazo kunali kukonza chinthu chokalamba kuti chibwerere mwakale, sindinapose amene anachipanga ayi.

Mnzanga uja ataona zimenezi mtima unamukwera. Anatsegula DAC yake yatsopano, yopanda vuto lililonse, n'kuzula op-amp yotchedwa NE5532 kuikamo ina yothamanga kwambiri. Anandiitana ali wosangalala, amvekere mawu atseguka, zinganga za ng'oma zikumveka ngati woimbayo ali m'chipinda momwemo. Nditaika chala pa tchipiyo inali yotentha moti sindinathe kuigwira nthawi yaitali. Pa oscilloscope, makina oonetsa mafunde a magetsi, zinaoneka poyera kuti inkanjenjemera yokha pa ma megahertz, kutali ndi kumene khutu limafika. Bolodi ija sanaipangire tchipi yaliwiro chotero, ndipo panalibe kakapasita ka 100 nF pafupi ndi miyendo yake ya magetsi koti kaikhazike pansi. Kuthwa kwa mawu kumene ankakusangalalirako kunali kuwonongeka kwa mawu. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa munthuyu amakonda nyimbo ndi mtima wonse ndipo anachita ntchitoyo mosamala.

Pano ndiye ndilankhule mosabisa. Zimandiwawa kuona anthu akunyoza NE5532 ngati chinthu chachabechabe. Tchipi imeneyi inatulutsidwa ndi Signetics cha m'ma 1979, ndipo inadzaza m'makina osakanizira mawu a m'masitudiyo ambiri. Nyimbo zochuluka zimene mumazikonda zinadutsa m'matchipi oterowo ambirimbiri zisanafike kwa inu. Kodi imodzi yomalizayo, ya m'bokosi lanu, ndi imene ikubisa kukoma konse? Ine sindikhulupirira. CD yeniyeniyo, ya 16 bit ndi 44.1 kHz, imapereka mpata wa pafupifupi 96 dB (muyeso wa kukwera kwa mawu) pakati pa mawu okwera kwambiri ndi phokoso lapansi, ndipo DAC yamakono yopangidwa bwino imapitirira pamenepo. Kupotoza mawu kwake kumakhala cha m'ma 0.001 peresenti, pamene sipika ikamatulutsa mabesi imatha kufika 1 peresenti kapena kuposa.

Za clock nazo n'chimodzimodzi. Jitter ilipodi, ndiko kuphonya nthawi pang'ono posandutsa manambala kukhala mawu. Koma ma DAC ambiri a USB masiku ano amagwira ntchito mwa asynchronous, kutanthauza kuti nthawi amadzisungira okha, sadalira kompyuta. Mukamata kabolodi kena ka clock n'kukalumikiza ndi mawaya aatali olendewera, mukhoza kuwonjezera vuto lomwe mumafuna kuchotsalo.

Pali ena amene amachotsa digital filter (sefa ya manambala), zija amati NOS (non-oversampling), ndipo amati mawu amafewa. Amafewadi, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: popanda oversampling (kuchulukitsa manambala a nyimbo asanasanduke mawu), mawu a pa 20 kHz amatsika ndi pafupifupi 3 dB. Amene amakonda zimenezo sindimutsutsa, khutu ndi lake. Chimene ndimakana ndi kunena kuti mawuwo ayandikira kwambiri zimene zinajambulidwa, pamene atalikira.

Ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti khutu la munthu amene wagula chitsulo, wagwira chowotcherera madzulo onse, silingakhale woweruza pa mlandu wake womwe. Mawu akangokwera pang'ono, ngakhale ndi theka la dB, ubongo umati akoma, osati akwera. Si kupusa, tonsefe tinalengedwa choncho. N'chifukwa chake ine sindimvanso umboni wa "ndasintha ndipo zasintha" ngati volyumu sinayezedwe.

Ndiye muyambire pati?

Ngati DAC yanu ndi yakale, yang'anani makapasita otupa kapena ochucha, muikemo a mlingo womwewo osasemphanitsa miyendo. Ngati mukumva "mmmm" wa 50 kapena 60 Hz, yesani kaye kulumikiza ndi waya wa optical (wodutsa kuwala osati magetsi), chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala ground loop (magetsi ozungulira kudzera m'mawaya a earth) pakati pa zipangizo, osati DAC. Ngati mtima ukukakamirabe pa op-amp, werengani datasheet (chikalata cha opanga chofotokoza tchipiyo), muone ngati ndi ya single kapena dual (op-amp imodzi kapena awiri m'tchipi imodzi) ndiponso mavoti amene imapirira, mugule kwa ogulitsa odalirika popeza zachinyengo zachuluka, ndipo mukaika muikhudze ngati ikutentha. Poyerekeza, imbani toni ya 1 kHz, muyeze ndi multimeter (choyezera magetsi) kuti volyumu ya zonse ziwiri zimene mukuyerekezazo ifanane mpaka 0.1 dB, wina azikusinthirani inu osaona. Mbali ya magetsi olowa kuchokera kukhoma musaigwire ngati simunaphunzire, chifukwa kapasita wamkulu wa mu switching supply (gawo losintha magetsi ochokera kukhoma) amatha kusunga mavoti oposa 300 ngakhale mutazula pulagi.

Koma ngati DAC yanu ndi yatsopano ndipo ilibe kaphokoso kalikonse, itsekeni. Sunthani masipika achoke pakona ndi pakhoma, muwalozetse pamene mumakhala, ma tweeter (timasipika ta mawu ang'onoang'ono) akhale pa msinkhu wa makutu anu, muyale kapeti pakati pa inu ndi iwo. Kusintha kumeneko mukumva nyimbo yoyamba isanathe, ndipo simufunika wina wokuuzani kuti kulipo.