Kodi miyala ya phiri la Mulanje ndiyo ikudwalitsa anthu khansa ya kummero?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwa Mabuka kuno ku Mulanje, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera popanda kutchula dzina lawo. Bambo awo, omwe athyola tiyi m'maesiteti kwa zaka zambiri, anayamba kulephera kumeza nsima, kenako ngakhale phala linayamba kuwavuta, ndipo atawaunika ku Blantyre anawapeza ndi khansa ya kummero. Kumudzi kukumveka zoti matendawa akuchokera m'miyala ya phiri, makamaka chibwerere akatswiri ofufuza za migodi ndi zida zawo. Achibale ena akukaniza kuti bambowa asapite kokawotchedwa ndi makina, ati cheza (mphamvu yosaoneka ndi maso yotuluka m'miyala ina ndi m'makina) chimene chawadwalitsa sichingakhale chomwecho chowachiritsa. Mayiwa akufunsa kuti zoona zake n'ziti, nanga asayansi apeza chiyani m'zaka zaposachedwapa.

Mayi, pepani kwambiri ndi matenda a bambo. Ndiyamba ndi phirilo, chifukwa mantha a abale anuwo sanangochokera m'mutu, ali ndi pogwira ngakhale kuti aloza kolakwika.

Phiri la Mulanje linapangika zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, pamene chiphalaphala cha miyala yosungunuka chinakwera kuchokera pansi n'kuzizira chisanatulukire kunja. Miyala yofewa imene inachikuta inakokoloka pang'onopang'ono, n'kusiya thanthwe lolimba la granite ndi syenite lomwe nsonga yake, Sapitwa, ili pa mamita 3,002. Miyala ya mtundu umenewu, kulikonse kumene imapezeka padziko lapansi, imakhala ndi zitsulo za yureniyamu ndi thorium pang'ono kwambiri, ndipo zimenezi zimatulutsadi cheza. Koma zakhala zikutero kuyambira kale makolo athu asanafike kuno. Amene anabwera kudzafufuza miyala ya rare earth (yokhala ndi zitsulo zopangira zipangizo zamakono) ku Chambe, pa phiri lomweli, cha m'ma 2011 ndi 2012, komanso ndege za kauniuni wa miyala ya pansi pa nthaka zimene zinauluka m'dziko muno kuyambira mu 2013, sanabweretse cheza chilichonse. Zida zawo zoyezera cheza zimagwira ntchito ngati khutu: zimangomvetsera zomwe nthaka ikutulutsa kale, sizithira kanthu pansi.

Chimene madokotala amada nacho nkhawa pa miyala yotereyi ndi mpweya wotchedwa radon, womwe umapangika yureniyamu akamasweka m'nthaka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa anthu 100 alionse odwala khansa ya m'mapapo, pakati pa 3 ndi 14 amadwala chifukwa cha mpweyawu, kutengera dziko. Koma taonani zinthu ziwiri. Radon amavulaza mapapo, chifukwa munthu amachita kumupuma, pamene bambo anu vuto lawo lili m'njira ya chakudya. Ndiponso mpweyawu umaunjikana m'migodi ndi m'nyumba zotsekeka kwambiri za kumayiko ozizira, pomwe panja kapena m'nyumba yolowa mphepo umabalalika msanga. Kuwonjezera apo, khansa ya kummero si ya ku Mulanje kokha. Yafala m'chigawo chonse cha kummawa kwa Africa, kuyambira ku Ethiopia, kudutsa ku Kenya, Tanzania ndi Malawi mpaka ku Eastern Cape ku South Africa, madera amene miyala yake ndi yosiyanasiyana kwabasi. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene matendawa achuluka kwambiri padziko lonse, ndipo odwala amachokera kuzigwa ndi kumapiri komwe.

Asayansi nawonso anaganizapo kuti mwina pali chiphe chimodzi chobisika m'madera amenewa. Mu 2021 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anaunika DNA (malangizo a chibadwa opezeka m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) ya zotupa 552 za khansa ya kummero zochokera m'mayiko asanu ndi atatu, Malawi ali momwemo, pamodzi ndi Kenya, Tanzania, Iran, China, Japan, Brazil ndi United Kingdom. Nzeru yake inali yakuti chinthu chilichonse chowononga DNA chimasiya mapazi akeake, monga momwe mlimi amadziwira kuti m'munda mwadutsa nguluwe kapena nyani. Anapeza mapazi a fodya ndi a mowa mwa odwala ena, koma sanapeze chizindikiro chapadera chosiyanitsa mayiko amene khansayi yachuluka ndi mayiko amene ndi yosowa. Zimenezi zinadabwitsa ofufuzawo, ndipo zinalimbikitsa ganizo lakuti zina mwa zoyambitsa matendawa siziwononga DNA mwachindunji, koma zimavulaza khungu la m'kati mwa mmero mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, mpaka maselo amene anali kale ndi vuto apeza mpata wochulukana.

Apa m'pamene nkhaniyi imafika pakhomo pathu. Ine ndinakulira pafupi ndi esiteti, ndipo ndimakumbukira mmene amalume anga ankamwera tiyi mbandakucha m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Ketulo imachoka pamafuwa ikubwadamuka, tiyi n'kuthiridwa m'kapu yachitsulo yoti ankaigwira ndi nsonga ya malaya chifukwa cha kutentha, ndipo amamwa chiimire, mofulumira, kuti kapitawo asawalembe kuti achedwa. Kuuzira kunali kamodzi kapena kawiri basi. Tonse tinkaona ngati ndi mphamvu zachimuna. Mu 2016 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zomwe zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero. Pambuyo pake kafukufuku wotchedwa ESCCAPE, yemwe anachitika ku Kenya, ku Tanzania ndi kuno ku Blantyre, anafunsa odwala ndi anthu osadwala za kadyedwe kawo, ndipo zotsatira za ku Malawi ndi Tanzania zomwe zinatuluka mu 2022 zinasonyeza kuti amene amamwa tiyi kapena phala lotentha kwambiri, osadikira, namapsa nalo m'kamwa kawirikawiri, ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Ndikufuna izi zimveke bwino kuno kwathu kumene tiyi ndiye amatidyetsa: vuto si tsamba la tiyi, vuto ndi moto umene timameza nawo.

Chinanso ndi utsi. Lowani m'khitchini ya udzu kumudzi kwanu muyang'ane kudenga, muone mwaye wakuda bii umene walendewera pa mitengo. Mayi amene amaphika mmenemo katatu pa tsiku amapuma ndi kumeza utsi womwewo kuyambira ali mtsikana, ndipo mu utsi wa nkhuni muli mankhwala ena ofanana ndi a mu utsi wa fodya. Kafukufuku wa m'zipatala za kuno kwathu ndi za mayiko oyandikana nafe wakhala akuloza ku utsi wa nkhuni monga chimodzi mwa zoonjezera chiopsezo. Za fodya, kaya wa m'paketi kaya chingambwe, ndi mowa waukali monga kachasu, palibe mkangano: dziko lonse likudziwa kuti ziwirizi zimayambitsa khansa ya kummero, ndipo zikaphatikizana zimaopsa koposa.

Tsono pali njira imodzi imene nthaka ingakhale ikulowereradi pa nkhaniyi, koma si imene abale anu akuiganiza. Si chinthu choipa chimene nthaka ikutipatsa, koma chinthu chabwino chimene ikutimana. Thupi la munthu limafuna mchere wina wotchedwa selenium, wochepa zedi, umene umathandiza maselo kudziteteza. Mbewu zimautenga m'dothi, koma dothi la asidi wambiri limaugwira osaupereka ku mizu. Mu 2021 akatswiri a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR pamodzi ndi anzawo a ku University of Nottingham ndi mabungwe ena anatulutsa kafukufuku amene anayeza chimanga ndi mbewu zina kuchokera m'malo oposa 1,800 m'Malawi muno, ndipo anapeza kuti kuchuluka kwa selenium m'chakudya kumadalira dera limene munthu akukhala. Chimanga cha ku chigwa cha Shire chili naye wochulukirapo, pamene cha m'madera ambiri okwera chili naye wochepa. Tiyi amakonda dothi la asidi, n'chifukwa chake amachita bwino ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo banja limene limadya nsima ya m'munda mwake momwemo chaka chonse, ndiwo zake zili masamba okhaokha, likhoza kumakhuta koma thupi likuperewera mcherewu. Ku Linxian m'dziko la China, kumene khansa ya kummero inali yochuluka kwambiri, ofufuza anapeza kuti anthu okhala ndi selenium wochepa m'magazi ankadwala matendawa kuposa anzawo. Kuno kwathu asayansi akuliona ngati ganizo loyenera kulitsata, osati chigamulo. Chosangalatsa n'chakuti njira yokonzera ilipo. Dziko la Finland lakhala likuthira selenium mu feteleza kuyambira mu 1984, ndipo mu 2019 ku Kasungu anayesa kupatsa mabanja ufa wa chimanga cholimidwa ndi feteleza wotere, magazi a amayi ndi ana n'kusonyeza kuti selenium wakwera. Pakadali pano usipa, matemba ndi mazira ndi zakudya zimene zimapereka mcherewu. Koma chonde musawononge ndalama kugula mapilitsi a selenium poganiza kuti achiza bambo. Khansa ikayamba, mcherewu suichotsa.

Ndibwere ku makina amene abale anu akuwaopa. Makina amasiku ano a radiotherapy, chithandizo chopha khansa ndi cheza, sasunga mwala uliwonse wa m'phiri. Ambiri ndi otchedwa linear accelerator, omwe amagwiritsa ntchito magetsi kuthamangitsa tizinthu ting'onoting'ono totchedwa ma electron mpaka tigunde kachitsulo ka tungsten, ndipo pakugundapo pamatuluka cheza cha X-ray champhamvu. Madokotala amayamba ajambula thupi ndi sikani, n'kuwerengera pa kompyuta malo enieni a chotupa, kenako chezacho amachilozetsa kuchokera mbali zingapo kuti chikakumane pa chotupapo, mtima ndi mapapo zilandire chochepa. Mlingo wonse amaugawa m'masiku angapo kuti maselo abwino azipeza nthawi yodzikonza, pomwe a khansa, amene sadziwa kudzikonza bwino, amafa. Mawu akuti kuwotcha amasocheretsa. Wodwala samva moto, amangogona phee kwa mphindi zochepa. Pambuyo pake angathe kumva kutopa, khungu kuda pamalopo, ndi kupweteka pomeza kwa masabata angapo, koma makina akazimitsidwa cheza chimatha pomwepo. Bambo akabwerako sadzakhala ndi cheza m'thupi, adzatha kunyamula zidzukulu ndi kudyera mbale imodzi ndi aliyense.

Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna chithandizochi ankatumizidwa kunja, ku India, Tanzania, Kenya kapena Zambia, ndipo ambiri ankamwalira ali pamndandanda. Mu 2024 chipatala cha khansa chomwe si chaboma chinayamba kupereka radiotherapy ku Blantyre, ndipo mu 2025 boma linatsegula National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mothandizana ndi bungwe loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse la IAEA. Kumanga malo otere ndi ntchito yaikulu ya mainjiniya, chifukwa chipinda cha makina chimafuna zipupa za konkire zochindikala pafupifupi mamita awiri m'mbali zina, ndipo makinawo amafuna magetsi osagwedera ndi madzi oziziritsa. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anawonongera Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya ma megawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. N'chifukwa chake ndimatsata mwachidwi ntchito yotchedwa STELLA, imene akatswiri ena a ku CERN, malo aakulu ofufuzira za sayansi ku Ulaya, ndi a ku United Kingdom akugwira pamodzi ndi anzawo a mu Africa, yofuna kupanga makina opirira magetsi ovutavuta komanso osavuta kukonza. Kwa ine kafukufuku wotereyu ndi wofunika mofanana ndi wa mankhwala atsopano, pakuti makina ofa oyembekezera injiniya wochokera kutsidya kwa nyanja sachiza munthu.

Mankhwala atsopano aliponso. Mu 2022 kafukufuku wotchedwa CheckMate 648 anasonyeza kuti kuphatikiza kemo (mankhwala opha maselo a khansa) ndi nivolumab, mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi khansa, kunatalikitsa moyo wa odwala khansa ya kummero yofalikira kuchoka pa miyezi pafupifupi 11 kufika pa 13. Ndi sitepe yeniyeni, koma yaifupi, ndipo mtengo wake ngwosafikirika kwa mabanja ambiri a kuno. Musadzione olephera ngati simungaukwanitse.

Chofunika mwachangu kwa bambo n'chakuti azitha kumeza. Amalume anga aja anachoka pa nsima kufika pa phala, pa phala kufika pa thobwa losefa, mpaka tsiku lina ndinawaona akulavulira m'kachitini madzi amene anangomwa kumene, ndipo nthawi yonseyo banja linali kuzungulira kwa asing'anga. Chimene chinawafooketsa msanga inali njala. Masiku ano madokotala amatha kulowetsa kummero kapaipi ka waya wofewa kotchedwa stent, kamene kamadzitambasula n'kutsegula njira, moti munthu amayambanso kumwa phala patangopita tsiku limodzi kapena awiri. Radiotherapy nayonso imafwetsa chotupa kuti chakudya chizidutsa, ngakhale pamene cholinga sichili kuchiziratu.

Mukapita ku Blantyre pa tsiku limene anakupatsani, mutenge buku lawo la kuchipatala ndi zotsatira zonse za zoyeza, ndipo mufunse adokotala mosabisa kuti khansayo yafika pati, ngati cholinga cha chithandizo n'kuchiza kapena kuchepetsa ululu, komanso ngati stent ingatheke pamene mukudikira makina. Mufunsenso za gulu losamalira odwala matenda aakulu limene lingamawapatse morphine wakumwa kufupi ndi kwanu, kuti musamakwere minibasi ulendo wonsewo chifukwa cha mankhwala a ululu okha. Ngati n'kotheka, pa ulendowo mutengane ndi mmodzi mwa achibale amene akukanizawo, makamaka mwinimbumba, kuti akafunse yekha za makinawo ndi kumva yankho kuchokera pakamwa pa adokotala. Kunyumba, bambo muziwapatsa phala la nsinjiro losalala bwino, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, atakhala tsonga, ndipo muzilisiya liyambe lazizira kufikira poti mwana wamng'ono angamwe osapsa.