Purosesa yafika pa madigiri 95 m'kabokosi kakang'ono, kodi ipsa?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Turffontein, mu Johannesburg, omwe amajambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati. Amanga kompyuta m'kabokosi ka Cooler Master NR200P, purosesa (ubongo wa kompyuta) ndi Ryzen 5 7600X, choziziritsira ndi kachidutswa kaja ka Noctua NH-L9a komwe mnzawo anawapatsa. Akuti akangoyamba kutulutsa vidiyo, pulogalamu yoonera kutentha ya HWiNFO ikuonetsa madigiri 95 ndipo fani ikulira osapuma. Akufunsa ngati purosesa ipsa, komanso ngati agule choziziritsira cha madzi.

Achimwene, mtima m'malo, siipsa. Kampani ya AMD idapanga 7600X, yomwe idatuluka mu 2022, kuti ntchito ikakula izidzikankha yokha mpaka pa 95. Ikafika pamenepo imachepetsa liwiro pang'ono n'kukhazikika. Nambala imeneyi ndi malire oikidwa dala. Komabe sindikuuzani kuti mungokhala, chifukwa purosesa yokhala pamalire tsiku lonse ikukuberani liwiro lomwe mudalipira, ndipo phokosolo m'chipinda chomwe mumagonamo limatopetsa.

Kutentha konseko ndi magetsi amene purosesa ikudya. 7600X imaloledwa kukoka mpaka mawati 142. Choziziritsira chanucho n'chachifupi, mamilimita 37 basi, ndipo chidapangidwira timabokosi topyapyala momwe china sichingalowe. Mwachisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Choncho musanatulutse ngakhale randi imodzi, lowani mu BIOS (tsamba la zosintha lomwe mumalitsegula kompyuta ikangoyaka), pansi pa Precision Boost Overdrive, muyatse Eco Mode ya mawati 65. Ngakhale dzina lake likunena 65, ikatero malire enieni a purosesa amakhala mawati 88. Pa masewera kusiyana kwake simudzakuona n'komwe, pa mavidiyo mutaya kaliwiro kochepa, koma kutentha kutsika moonekeratu. Ineyo kompyuta yaing'ono iliyonse yodutsa m'manja mwanga ndimayambira pamenepa.

Pomwepo palinso Curve Optimizer, yochepetsa mphamvu yamagetsi yolowa m'purosesa popanda kuibweza liwiro. Sankhani All Cores, kenako Negative, muyambe ndi 10. Igwiritseni ntchito masiku angapo, ikakhala bwino mukwere pa 15, mwina mpaka 20. Mapurosesa amasiyana ngakhale a dzina limodzi, ndiye nambala ya mnzanu musaitengere. Chosokoneza n'chakuti mukapyola muyeso, kompyuta imatha kupirira Cinebench, pulogalamu yoyesera mphamvu ya purosesa, bwinobwino koma n'kudzazima yokha pamene sikuchita kanthu. Zikatero bwererani m'mbuyo ndi 5. Inu amene mumasunga ukwati wa anthu m'makinamo, musathamangire nambala zazikulu.

Tsopano nkhani imene ambiri kuno ku Joni saiwerengera. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba kuposa Lilongwe ndi Blantyre. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi poyerekeza ndi wa ku Durban kapena Cape Town. Fani izungulira liwiro lomwelo, koma mpweya umene ikukankha unyamula kutentha kocheperapo. N'chifukwa chake mukaona pa YouTube mzungu wa ku London ali ndi zipangizo zofanana ndi zanu koma madigiri ake ali pansi, musaganize kuti anakugulitsani chachinyengo. Onjezani apo chipinda chakuseri chofolera malata masana a December, mvula yamabingu ija isanagwe. Chipinda chikatentha ndi madigiri asanu, purosesa nayo imakwera pafupifupi chimodzimodzi, pakuti fani siingaziziritse chinthu kuposa mpweya umene yapatsidwa.

Kabokosi kanuko kamabwera ndi zitseko ziwiri zam'mbali, chagalasi ndi chamabowo. Simunanene chomwe mwaika, koma ngati ndi galasi, chotsani lero lomwe. NH-L9a imakoka mpweya kuchokera kumbali imeneyo, ndipo galasi likatseka imangomeza wotentha wochokera ku graphics card, khadi loyendetsa zithunzi. Pamwamba ikani mafani awiri a mamilimita 120 otulutsa mpweya kunja, pansi pakhale polowera. Kuti mudziwe komwe fani ikuuzira, yang'anani mbali yomwe ili ndi timitanda togwira mota ndi kawaya: mpweya umatulukira kumeneko. Kapena yandikizani kachidutswa ka tishu muone ngati kakukokedwa. Ndipo kabokosi kopumira pansi musakaike pa kapeti kapena m'kabati ya TV.

Za thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira, anthu amakangana kwambiri, koma kusiyana kwa mitundu yodziwika ndi digiri imodzi kapena ziwiri. Chofunika ndi kamangidwe. Masulani choziziritsira muone kunsi kwake. Paste yofalikira paliponse mopyapyala ndiye kuti chinakhala bwino. Ikakhala yothithikana mbali imodzi, kwinako chitsulo chili mbee, zomangira zinalimba mopendekera. Pukutani ndi spirit ya isopropyl, donthezani kadontho ka paste kakang'ono ngati nsawawa pakati pa purosesa, kenako mangani zomangira mosinthanasinthana pang'onopang'ono, osati kumaliza imodzi kaye.

Nanga cha madzi? Ine ndikuti ayi. Ndalama zake n'zambiri, pampu imatha kufa, ndipo radiator yake, yomwe imaziziritsa madziwo, nayo imaziziritsidwa ndi mpweya womwewu wa ku Joni. NR200P yokhala ndi chitseko chamabowo imalandira choziziritsira chotalika mpaka mamilimita 155, ndiye malo muli nawo ambiri omwe simukuwagwiritsa ntchito. Chamtundu woimirira ngati NH-U9S, cha mamilimita 125, chimalowa popanda vuto, ndipo za Thermalright zotsikirapo mtengo ziliponso. Musanalipire, onani kutalika kwake pa bokosi, muonenso ngati RAM yanu, timitengo ta memory tija toimirira pafupi ndi purosesa, siitsekereza fani.

Fumbi lokha musaliiwale. M'nyengo yozizira kuno kumauma gwa, ndipo mphepo ya August imanyamula dothi la m'mapiri a migodi omwe azungulira kummwera kwa tauni, kwanu komweko. Sefa yapansi imachita kuyala kabulangete kotuwa kamene mutha kukasenda ndi chala. Muziichotsa kamodzi pamwezi n'kuitsuka, iume kaye musanaibwezere. Pouzira fumbi m'zipsepse za choziziritsira, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire.

Mukamayesa, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Thamangitsani Cinebench kwa mphindi khumi, lembani madigiri, mawati ndi mapointi omwe yapeza, komanso nthawi ya tsiku. Mukayatsa Eco Mode ndi kuchotsa galasi, nditumizireni manambalawo pamodzi ndi dzina la motherboard yanu, ndikuuzeni pomwe pali fan curve, yosinthira liwiro la fani, mu BIOS yake kuti tichepetsenso phokosolo.