Za makapisozi a blueberry ndi matenda a amuna anu

Achemwali, mwafunsa ngati mugule makapisozi a masamba a blueberry amene wina akugulitsa pa Facebook akuti amachotsa kuvutika maganizo, poti amuna anu atha miyezi iwiri osapita kunyanja, tulo sakupeza, nsima akungotsina kawiri n'kusamba m'manja. Ine ndikuti ndalamayo ikhale ya thiransipoti yopitira nawo kuchipatala.

Blueberry ndi kachitsamba kochokera ku North America. Masamba ake ali ndi ma polyphenol (tinthu topezeka m'zomera zambiri) monga chlorogenic acid, ndipo ku Miyazaki, ku Japan, amawaumitsa n'kupanga tiyi. Koma nkhani zambiri zoti chomera chakuti chimachotsa kuvutika maganizo zimayambira pa mbewa ndi makoswe a mu labotale. Amaika mbewa m'chidebe cha madzi, ikalimbikira kusambira osagonja msanga, amati mankhwala agwira. Bambo amene wasiya ukonde kuwolera pagombe, ana akumuyang'ana, mavuto ake sangayezedwe choncho. Masambawa sali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO.

Komanso musanyengeke ndi mawu oti "zachilengedwe". Pali chitsamba china, St John's wort, chomwe azungu amamwera nkhawa, koma chimafooketsa ma ARV ndi mapiritsi olera. Kuno kwathu ambiri ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndiye kanthu kalikonse kowonjezera adokotala ayenera kudziwa kaye.

Mayi anga anadwala chonchi bambo atamwalira. Munthu amene ankalawirira kukayanika usipa pathandala anayamba kungokhala pakhonde, chitenje chomwecho masiku anayi, wailesi osatsegula. Ena ankati alodzedwa, ena ankati apemphere kwambiri. Tinataya miyezi itatu. Titapita nawo kuchipatala anawafunsa mafunso modekha, n'kuwapatsa amitriptyline woti azimwa usiku. Sabata yoyamba ankangodandaula kuuma kukamwa ndi kugona kwambiri, moti anafuna kusiya. Mankhwala amenewa amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti munthu ayambe kuona kusintha, nthawi zina kupitirira. Tsiku lina m'mawa ndinawamva akukalipira nkhuku zolowa m'khitchini, ine misozi m'maso.

Pitani pa chipatala chachikulu cha Mangochi pa boma, kapena yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, munene kuti mukufuna kuonana ndi a zamatenda a maganizo. Musaope kuti akangofika awatumiza ku Zomba Mental, ambiri amathandizidwa akugona kunyumba kwawo. Aliponso mankhwala ena otchedwa fluoxetine, kuliponso uphungu wongokhala pansi n'kukambirana. Amuna ambiri amakana, ndiye pemphani achimwene awo kapena ashehe kapena abusa amene amawamvera kuti awaperekeze.

Ndipo usiku uno muwafunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu. Akavomera, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe m'nyumba, musawasiye okha, mupite nawo kuchipatala nthawi yomweyo.