Musanasanje mwala, pezani kaye njira ya madzi

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati mwagumula chitunda kuseri kwa nyumba ku Chilomoni, patsala phompho la mita imodzi ndi theka, miyala ikuluikulu yotuluka pokumba ilipo mbwee, ndiye mukufunsa ngati mungangoisanja kukhala khoma lotchinga dothilo popanda simenti, maziko kapena paipi, poti madzi azituluka okha m'mipata. Kusanja popanda simenti n'kotheka ndithu. Koma zongokhazika miyala pamwamba pa dothi, chonde musayerekeze.

Ine ndinachitapo zimenezo. Dzinja loyamba khoma linaima bwinobwino. Lachiwiri, mu Febuluwale, ndinadzuka m'mawa n'kupeza latupa pakati, mwala wapansi utasuntha, matope ofiira akutuluka m'mipata. Titaphwasula tinapeza kuti katondo amene tinakwirira kumbuyo wamata mipata yonse, ali phalaphala. Madzi anasowa kotulukira, anangokhala kumbuyoko n'kumakankha. Madramu asanu okha a madzi amalemera tani yathunthu, ndiye taganizani mvula ya sabata yonse.

Yambani ndi pansi. Kumbani ngalande, muchotse dothi lonse lapamwamba lokhala ndi mizu mpaka mufike pamene piki ikudunda. M'lifupi mwake musachepere theka la kutalika kwa khomalo. Thiranimo miyala ya kwale yosakaniza ndi fumbi lake, masentimita 15, muwaze madzi pang'ono n'kusinja mpaka phazi lisamasiye chizindikiro. Mulibe mashini? Chipika cholemera chimagwira ntchito, bola muzithira pang'onopang'ono. Miyala yaikulu koposa ndiyo ikhale mzere woyamba, mbali yafulati pansi, ndipo ikwiririke pafupifupi theka. Ukaima pamwamba pake n'kugwedezeka, mwalawo sunakhale, utembenuzeni. Khoma lizipendekera ku chitunda, masentimita 5 pa masentimita 30 aliwonse mukamakwera, ndipo mwala uliwonse uzikhala pa miyala iwiri kuti mipata isalondolane.

Tsopano kumbuyo kwa khoma, pomwe ambirife timaumira ndalama chifukwa sipaoneka. Siyani mpata wa masentimita 30 kuchokera pansi mpaka pafupi ndi pamwamba, mudzazemo kwale woyera. Apa fumbi ayi. Pansi paja timalifuna kuti pagwirane, kuno tikufuna madzi azitsika msanga. Pakati pa kwaleyo ndi dothi yalani nsalu ya geotextile, imene imalola madzi koma n'kutsekereza matope. Ikasowa, ikani mchenga wamtsinje wokhakhala pakatipo. Pepala lakuda lapulasitiki lokha musaike, ndaona anthu akutero poganiza kuti akuteteza khoma, chonsecho akumanga damu kuseri kwa nyumba yawo.

Za paipi, pa katondo ine ndimati ikani. Tengani PVC ya mamilimita 110, muiboole timabowo mbali yoyang'ana pansi, muigoneke kumbuyo kwa mzere woyamba mkati mwa kwale, izitsetsereka sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse. Kamwa lake litulukire poyera, mu ngalande, osati pa maziko a nyumba yanu kapena pabwalo la aneba akumunsi. Tsekanipo ndi kawaya kuti makoswe asamangemo zisa.

Chinanso chimene chinandipweteka ine ndi madzi ochokera kumtunda. Denga la masikweya mita 100, mvula ya mamilimita 50 ikagwa, limakhuthula madramu 25. Ngati nyumba yakumtunda kwanu ikuthira onsewo kuseri kwa khoma lanu, paipi imodzi siingakwanitse. Kumbani ngalande kumtunda yopatutsa madziwo, pamwamba pa kwale mutseke ndi dothi lotsendera bwino, ndipo mubzale mzere wa vetiva chakumtunda. Bulugamu ndi mitengo ina ikuluikulu ikhale kutali.

Ndikuuzeni mosabisa, mita imodzi ndi theka yandikulira, makamaka poti nyumba ili pafupi. Ngati malo alola, gawani pawiri, makoma a masentimita 75, lachiwiri libwerere m'mbuyo mita imodzi ndi theka. Malo akakana, itanani injiniya adzaone, chifukwa khoma lopitirira mita imodzi ndi masentimita 20 si lomanga mongoganizira. Ndipo mukaona ming'alu pa chitunda, kapena madzi akutumphuka pansi ngati kasupe, imani kaye. Tonse tikukumbukira zimene zinachitika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy. Dothi la phiri likayamba kuyenda, palibe miyala yosanja imene ingaligwire.

Gwirani ntchitoyi m'chilimwe, ithe Novembala asanafike. Mvula yoyamba yamphamvu ikadzagwa, tengani ambulera mukaime pakamwa pa paipi paja. Akamatuluka madzi oyera ndiye kuti zili bwino. Akakhala ofiira, dothi likulowa penapake, mutumize chithunzi muno tidzaonere limodzi.