Chimamanga sodium ndi chlorine mu mchere n'chiyani?

Wophunzira wina wa Fomu 3 wandilembera pa imelo kuti: "Aphunzitsi akuti sodium amapereka elekitironi kwa chlorine, basi mchere wapangika. Nanga akapatsana, chimawaletsa kusiyana n'chiyani?"

Mng'ono wanga, wafunsa pomwe pagona nkhani yonse ya ionic bonding, kumangana kwa maatomu amene apatsana maelekitironi. Ambiri amangoloweza zojambula za timadontho toimira maelekitironi, apa n'kudumphapo.

Atomu ya sodium ili ndi maelekitironi 11, oyalidwa 2, 8, 1 kuchokera mkati kupita kunja. Ya chlorine ili ndi 17, oyalidwa 2, 8, 7. Zitsulo ngati sodium sizigwiritsitsa maelekitironi akunja, pomwe chlorine, yemwe si chitsulo, amawakoka zolimba. Maelekitironi ndi negative, pomwe mapulotoni, amene ali pakati pa atomu, ndi positive. Elekitironi mmodzi wakunja uja akachoka, sodium amatsala ndi mapulotoni 11 koma maelekitironi 10, ndiye wasanduka positive, Na+. Chlorine wafika pa maelekitironi 18 pomwe mapulotoni ake ndi 17, ndiye negative, Cl−. Kuperekako kumangopanga ma ion, maatomu amene asanduka positive kapena negative. Chowamanga ndi kukokana kwa positive ndi negative.

Tsono gwiritsa ichi, chifukwa n'chimene ndikufuna usadzaiwale: Na+ sasankha woti amukoke. Sasamala kuti elekitironi yake inapita kwa yani. Amakoka Cl− aliyense amene ali pafupi, mbali zonse. N'chifukwa chake mu mchere mulibe awiriawiri. Na+ aliyense wazunguliridwa ndi ma Cl− 6, Cl− aliyensenso ndi ma Na+ 6, mizeremizere mpaka kambulu konse. NaCl, chidule cha mchere, imangotanthauza kuti chiwerengero chawo n'chofanana. Tapa mchere pang'ono uwaze pa nsalu yakuda, uyang'anitsitse. Uona timibulu ta ngodya ngati timabokosi, ndipo ameneyo ndi mayalidwe a ma ion aja.

Zina zonse zimene amafunsa pa mayeso zikuchokera pomwepa. Mchere umasungunuka ndi moto pa 801°C chifukwa kukokanako n'kwamphamvu. Magnesium oxide, yomwe ma ion ake ndi Mg2+ ndi O2−, imapirira mpaka kupitirira 2,800°C, poti ma ion amenewa amakokana mwamphamvu kuposa a mchere. Ukausinja mcherewo umaphwanyika, supindika, poti mizere ikasuntha pang'ono positive amakumana ndi positive mnzake n'kukankhana.

Mchere wouma sudutsitsa magetsi, pakuti ma ion ali pamalo amodzi. Ukausungunula m'madzi amamasuka n'kuyamba kuyenda, magetsi n'kudutsa. Ukafuna kudzionera wekha, yesa ndi mabatire a tochi ndi kababu kakang'ono ka LED, osati magetsi a pakhoma.